A Taonga Zakeyo Akwera Sitima ya ku India

Kuno ku Middlesbrough, mayi aliyense wa ku Malawi amene ankafuna kudziwa ngati diresi lamukhala ankapita kwa a Taonga Zakeyo. Sankabisa mawu. Ankakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako n'kunena kuti, "Kavule mwanawe, ukuoneka ngati thumba la makala." Ine Mwandida anandiuzapo zimenezo pakhomo penipeni pa tchalitchi, anthu akumva. Ndinatupa sabata yonse, koma diresilo ndinakawapatsabe kuti alikonze, chifukwa mayi amene uja sankanama.

A Taonga kwawo ndi ku Kasungu. Anali telala pakhonde la sitolo ina pa boma, ndipo ankasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi madiresi a akwati. Amuna awo, a Gibson Zakeyo, anali mphunzitsi. Pakamwa pawo ndi pamene panawaputira mavuto m'zaka zina ndale zitatentha, mpaka anathawa ndi mwana wawo Elton, ali kamnyamata kosadziwa n'kumanga nsapato komwe. Boma la kuno linawaika m'kanyumba ka chinyezi n'kuwauza kuti adikire yankho. Anadikira mpaka Elton anamera ndevu. Ntchito sankaloledwa kugwira, ndiye a Taonga anabwereka makina akale kwa gogo wina wachizungu wa kutchalitchi kwathu n'kumasokera anthu ulere kuti mutu usawazungulire. Mapepala atatuluka a Taonga analowa ntchito yochapa ndi kusita zovala m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo a Zakeyo anakalowa yolongedza katundu.

Pali chinthu chimene abale athu akumudzi samvetsa ngakhale uwafotokozere bwanji. Munthu amene anathawa kwawo akapatsidwa malo kuno, amaloledwa kuyenda dziko lililonse pansi pano, kupatula dziko lakwawo lomwelo. Ku France pita, ku Kenya pita, koma ku Malawi ayi, kufikira utakhala nzika ya kuno. Za unzika wa banja la a Zakeyo zinali zidakali m'maofesi, ndipo maofesi sathamangira munthu.

Ndiye kunabwera matenda a shuga, n'kuwalowa a Taonga m'maso. Poyamba ankangophonya kabowo ka singano n'kumanamizira ulusi kuti ndi wachabechabe. Kenako Lamulungu lina ndinavala bulauzi yofiira pa siketi yobiriwira, mwadala, kuti andinyoze monga mwa masiku onse. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Watchena lero." Ndinapita kuchimbudzi cha tchalitchi n'kukalira. Kuchipatala anawauza mosapita m'mbali kuti zimene zatayika sizibwerera, ndipo zimene zatsala zikutsika pang'onopang'ono.

Kuchipatala komweko kunali namwino wina wochokera kummwera kwa India. Tsiku lina akudikira kuti mankhwala a m'maso agwire, namwinoyo anawaonetsa pafoni zithunzi za kwawo. A Taonga anayandikizitsa foniyo mpaka kumphuno. Anaona dothi lofiira, nthochi, chinangwa kuseri kwa nyumba, mbuzi yomangirira pamtengo.

"Ndani wakupatsani chithunzi cha kwathu?" anafunsa.

Namwinoyo anaseka n'kunena kuti kumeneko ndi kwa amayi ake. A Taonga anabwera kunyumba atatsimikiza mtima. Anauza amuna awo ndi Elton kuti popeza ku Malawi njira ndi yotseka, ndipo maso sadikira, iwo akufuna kupita ku India. Sankafuna zambiri. Ankafuna akaone chinthu chimodzi chokha bwinobwino, osati mwa mbuu, choti azichikumbukira kukadzada.

Elton pano ndi mnyamata wamkulu, amagwira ntchito ya makompyuta ku Liverpool. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo amayi ake amamuyankhanso m'Chichewa, aliyense osagonja. Iyeyo ndi amene anapeza za sitima n'kulipira ulendo wonse. Inali sitima ya pamtunda ya alendo olemera, yozungulira kummwera kwa India sabata yathunthu, yoima pa nyumba zachifumu, pa akachisi akale ndi kunkhalango ya nyama. Okwera amagona momwemo, kudya momwemo. Ine nditamva ndinati, "Iii, Elton, wapenga? Amayi ako awa amene amathamangira basi ndi zikwama ziwiri, lero akhale oyaliridwa bedi?" Kutchalitchi nakonso anthu sanachedwe kulankhula. Ena amati bwanji osamanga nyumba kumudzi, ngati kuti nyumba imene sungakaione ndi yosangalatsa.

Koma mnyamatayo anali ataganiza bwino, ndimugonjere. Anati munthu amene maso akuvuta sangamasinthe hotelo tsiku lililonse, kuphunzira masitepe atsopano ndi zitseko zatsopano. M'sitima aphunzira chipinda chimodzi basi, ndipo dziko lizibwera lokha pawindo.

Chilolezo cholowera ku India chinachedwa kutuluka. Miyezi imeneyo ndinkapita kwawo ndikaweruka kuntchito, ndipo ndinkawapeza atakhala pawindo, akutseka diso limodzi n'kutsegula lina, kuyesa chimene chatsala. Sankadandaula, ankangonena kuti, "Lero basi ija ndaiona, koma nambala yake ayi." Mmene chilolezo chinkafika n'kuti diso lakumanzere litatheratu. Ananyamuka awiri ndi amuna awo, ali ndi lakumanja lokha, nalonso lili ndi chifunga pakati.

Za ulendowo anandifotokozera okha atabwerako, tili m'khitchini mwawo, a Zakeyo akuthirira ndemanga pamene sanafunsidwe.

Sitima anaikwerera ku Bengaluru. Anawalandira ndi ng'oma, n'kuwaveka nkhata za maluwa m'khosi. A Taonga akuti anagwira nsalu ya makatani a m'chipinda chawo n'kutembenuza mpendero kuti amve kasokedwe, ndipo anavomereza kuti telala wake ankadziwa ntchito. Tsiku loyamba lomwelo anachiyenda chipindacho ndi manja mpaka anadziwa pamene pali bedi, chitseko cha bafa ndi mpando wa pawindo. Chimene chinawavuta ndi kuyaliridwa. Ankadzuka m'mamawa n'kuyala okha, ogwira ntchito akabwera n'kuyalulanso kuti ayale mwa kachitidwe kawo, ndipo nkhondo imeneyi sinathe mpaka ulendo unatha.

Pawindo zinthu sizinayende monga ankayembekezera. Sitima ikamathamanga ankangoona mizere, wobiriwira pamwamba, wofiira pansi. Ikaima pa kasiteshoni, ankapempha kuti awatsegulire chitseko aime pakhomo. Pamenepo ankamva utsi wa nkhuni, fungo la ndowe, tambala akulira, mayi wina akukalipira mwana m'chinenero chachilendo koma ndi mawu omwe aja a amayi onse. Akuti mtima unkakhala pansi ndithu. Koma kumva si kuona, ndipo iwo anapitira kukaona.

Ku Mysuru anawatengera kunyumba yachifumu imene madzulo amaiyatsa magetsi mbali zonse. Alendo anzawo anafuula ndi kudabwa. Kwa a Taonga magetsi onsewo anangosungunuka n'kukhala chinthu chimodzi choyera. Anakoka dzanja la amuna awo.

"Bambo a Elton, tandiuzani, chikuoneka bwanji?"

"N'chachikulu, mayi."

"Ndamva kuti n'chachikulu. Nanga mtundu wake?"

"Ndi wabwino kwambiri."

Ha! Munthu woti anaphunzitsa ana zaka zambirimbiri, munthu woti pakamwa pake panamuthamangitsa m'dziko, kulephera kufotokoza nyumba! A Taonga akuti anangoti, "Basi, khalani chete, mukundiwonongera." A Zakeyo pomva zimenezi m'khitchini muja anadziteteza kuti iwo ankaphunzitsa masamu.

Tsiku lina anawakweza galimoto yopanda denga kupita kunkhalango. Apa ndinene kuti azungu a kuntchito kwathu amaganiza kuti ife tonse tinakula tikupingasa njovu popita kusukulu. A Taonga anakulira pafupi ndi nkhalango ya Kasungu, njovu zinkadya chimanga cha bambo awo, koma chimene anaonapo ndi mapazi ndi ndowe basi. Ndiye njovu yoyamba m'moyo wawo anakakumana nayo ku India. Galimoto inaima, aliyense anakhala chete. Iwo anamva nthambi ikuthyoka, anamva kupuma kwake, anaona chinthu chotuwa chikusuntha pakati pa zobiriwira. Anatong'ola diso lija mpaka misozi, koma chitamba sanachione, ngakhale khutu.

Elton ankaimba foni tsiku lililonse kufunsa chimene amayi ake aona. Iwo ankayankha kuti aona zonse, njovu ndi ana ake omwe, nyumba yachifumu mpaka mazenera. Ankatenga zimene amva alendo ena akunena n'kumuuza mwanayo ngati zawo. Sankafuna kuti mnyamatayo adziwe kuti thukuta lake lagula chifunga. Koma akadula foni ankangokhala pa mpando wa pawindo uja. Anauza amuna awo kuti, "Tachedwa, bambo. Tikanabwera chaka chatha." A Zakeyo anangowathirira tiyi.

Ulendo uli pafupi kutha anafika ku Hampi, malo a mabwinja a mzinda wakalekale, pamene akachisi a miyala aima pakati pa matanthwe akuluakulu osanjikizana. Kumeneko a Taonga anasangalalako, chifukwa miyala yosema imalola kugwiridwa. Anayendetsa zala pa zipilala, n'kumapeza okha kuti apa pali kavalo, apa pali munthu wovina, apa wosemayo anamuveka mkanda. Wowatsogolera anawasiya agwire mmene akufunira.

Pofika masana dzuwa linaswa mtengo. Kunatentha moti alendo onse anathawira pamthunzi wa kachisi, akudziziziritsa ndi madzi a m'mabotolo. A Taonga miyendo inali itatopa, ndiye anangokhala pa mwala umene unali pafupi, pabwalo, padzuwa penipeni. A Zakeyo anabwera kuti awadzutse. Anawerama patsogolo pawo, n'kuvula chipewa kuti apukute thukuta, ndipo dzuwa lonse lija linagwera pankhope pawo.

"Imani pomwepo," anatero a Taonga.

"Mayi, tiyeni pamthunzi, mudwala."

"Ndati imani. Musagwedezeke."

Anapendeketsa mutu pang'ono kuti chifunga chija chipite pambali, ndipo m'mphepete mwa diso lotsalalo nkhope ya amuna awo inatulukira yonse, yoyera bwino, mzere uliwonse pamalo pake. Anali asanaione chotero kwa nthawi yaitali, ndipo m'mutu mwawo ankasungabe nkhope yakale.

"Kalanga ine! Imvi zonsezi zabwera liti?"

"Zakhalapo, mayi."

"Ndipo mwaonda. Kolala iyi ikukukhwepani. Tasekani ndione."

A Zakeyo anaseka mwamanyazi.

"Dzino la apa linapita kuti?"

"Anandichotsa chaka chatha. Munali ndi zanu zokuvutani, sindinafune kuwonjezera."

A Taonga akuti anafuna kuwakalipira, koma anasiya. Anangowagwira chibwano n'kuwatembenuza uku ndi uku, monga amachitira poyesa munthu diresi. Anaona makwinya a m'mbali mwa maso, chipsera chakale cha pachipumi, ndevu zimene lumo linaphonya pansi pa khutu. Anaona kuti maso a bambowo ali ndi misozi, ndipo anawauza kuti aipukute chifukwa ikuwatchingira.

"Ndinawayang'ana mpaka ndinakhuta," anandiuza choncho. "Ndi wokalamba, Mwandida, ndipo si wokongola kwenikweni. Koma ndinamuona."

Tsiku limenelo Elton ataimba, amayi ake anamuuza kuti bambo ake alibe dzino limodzi ndipo akufunika malaya a saizi yocheperako. Mnyamatayo anadabwa kuti nkhani ya akachisi yapita kuti.

Diso lakumanja lija linatseka miyezi ingapo atabwerako. Pano a Taonga amasiyanitsa usana ndi mdima basi. Ntchito anasiya, makina anabweza kwa adzukulu a gogo uja. Kutchalitchi amabwerabe, atagwira mkono wa amuna awo, ndipo amatigwira nsalu za madiresi athu n'kutiuza kuti tinaberedwa. Sindinawamvepo akudandaula za ulendowo, ndipo amene ankanena za nyumba ya kumudzi aja anasiya okha.

Tsiku la m'khitchini lija, a Taonga atapita kukagona pang'ono, ndinafunsa a Zakeyo kuti anaima nthawi yaitali bwanji padzuwa paja. Anati sakudziwa. Akuti mutu unayamba kuwawa, miyendo kunjenjemera chifukwa chowerama, ndipo basi ya alendo inaliza hutala kangapo konse. Wowatsogolera uja anabwera kudzawaitana, koma ataona zimene zikuchitika anabwerera yekha.

"Nanga bwanji simunawauze kuti mwatopa?" ndinafunsa.

A Zakeyo anatsuka kapu yawo, n'kuiika pa thandala.

"Ndinkaopa kuphethira kumene," anatero. "Akanafuna, bwenzi ndikadali pomwepo."