Tchalitchi Chimene Chinatumiza Belu

Mmalawi aliyense wofika ku Glasgow, kaya ndi wophunzira kaya mbusa wodzacheza, amadutsa m'manja mwa bambo Clifton Kachingwe. Iwowa anafika mu 2004, n'kuyamba kukhala m'nyumba zosanja za ku Sighthill, zija anazigwetsa zija. Lero amakhala ku Springburn ndipo amayendetsa basi yodutsa ku Govan. Ndi mkulu wa mpingo, mowa salawa. Loweruka likakwana amanyamula alendo pakagalimoto kawo n'kukawaonetsa miyala: malinga a mafumu akale, matchalitchi opanda denga, manda omera ndere. Chaka chimene khoma lililonse linamangidwa amachidziwa pamtima, koma tsiku lobadwa la akazi awo amachita kukumbutsidwa.

Chaka chatha kunabwera apongozi awo, mayi Flossie Nankhuni a ku Chiradzulu. Iwowa za malinga analibe nazo ntchito. Belu la tchalitchi cha kwawo linachokera ku kamudzi kena ka ku Lanarkshire, dzina la kamudziko linalembedwa pabelu pomwepo, ndipo amayi anzawo a Mvano anawatuma kuti akagwade m'tchalitchi cha kumeneko, akathokoze.

A Clifton ankadziwa kuti tchalitchicho chinatsekedwa akhristu atatsala asanu ndi mmodzi, wina n'kuchigula, n'kuchisandutsa bala. Nanga mkamwini zoterezi angawayambe bwanji apongozi? Anangoti nthawi ilipo.

Loweruka loyamba anawatengera ku linga la ku Bothwell. Mayiwo anayang'ana makoma ofiirawo kanthawi.

"Eni ake ali kuti?"

"Anatha kalekale, amayi."

"Nanga ife tadzaona ndani?"

Loweruka lachiwiri anapita ku tchalitchi chakale cha amonke ku Paisley. Mawindo anawayamikira ndithu, koma potuluka anati, "Komatu belu lathu silinachokere kuno, abambo."

Loweruka lachitatu linali lomaliza, ndege inali ya Lolemba. A Clifton podzuka anapeza apongozi ali chikhalire pabalaza, atavala yunifolomu ya Mvano yositasita, duku loyera kumutu, Baibulo pamiyendo. Akazi awo anali ku ntchito kuchipatala, woti abisale kumbuyo kwake panalibe.

Anayenda ola lathunthu pakati pa minda ya nkhosa, wailesi yokha ikulankhula. Atafika, nsanja ya tchalitchi inalipo, manda analipo, koma pakhomo panali migolo ndi chikwangwani cholemba zakudya za tsikulo. A Clifton anazimitsa galimoto, maso ali pachiwongolero.

"Amayi, pali mawu. Nyumba ndi yomweyi, koma masiku ano amagulitsiramo mowa."

"Mwadziwa liti?"

"Patha zaka zisanu ndi zitatu."

"Ndiye masabata onsewa mumandizunguza m'mabwinja ngati mbuzi yosowa wogula, nkhani muli nayo m'kamwa?"

"Ndinalakwa, amayi. Tibwerere."

"Tibwerere kuti? Ndikawauze chiyani anzanga, kuti ndinathera pamsewu? Tsegulani chitseko."

Inali nthawi ya nkhomaliro. Pamene kale panali gome la mbusa panali mwini bala, mayi Yvonne Brown, akupukuta matambula. Madoda atatu ankaonera mpira pa kanema. A Clifton, amene chibwerere ku Scotland anali asanapondepo mu bala, anavula chipewa n'kufotokoza m'Chingerezi za belu lija. Mayi Brown atamva, anazimitsa kanema.

"Aaa Yvonne, ndi penate imeneyo!" anadandaula mmodzi.

"Khala chete, Hamilton. Unabatizidwira pakona apo iwe, ukulira ngati mmene ukuliriramu."

Mayi Nankhuni anayala chitenje pakati pa matebulo n'kugwada. Anapemphera m'Chichewa mosathamanga. Anathokoza amene anasonkha belu, anatchula amayi a Mvano mmodzimmodzi, ndipo pomaliza anapempherera madoda atatuwo kuti afike kwawo ndi miyendo yawo. Atati ameni, a Hamilton nawo anavomera, mochedwerapo pang'ono.

Panja, mayiwo anakonza duku, n'kuima pafupi ndi nsanja. A Clifton anadikira mlandu wawo, koma anangopatsidwa foni.

"Jambulirani uko, chikwangwanicho ndi migoloyo zisaoneke. Anandituma kudzagwada, ndagwada. Zinazi ndi za ine ndi inu, abambo."

A Clifton anabwerera chafutambuyo mpaka m'kati mwa manda, pamene pankaoneka nsanja ndi apongozi okha, n'kujambula katatu.