Dothi la Tionenji

Tionenji ndi mlamu wanga, mkazi wa malemu mng'ono wanga Jonah. Anachoka ku Katete ali mtsikana, n'kudzakhazikika ku Libuyu, kuno ku Livingstone. Mwamuna wake atamwalira anayesa kugulitsa tomato, makala ndi kapenta, koma chimene chinalera ana ake ndi dothi. Azimayi apakati amalakalaka dothi la pachulu. Iye ankalikumba, kuliwamba pamoto, n'kumaligulitsa m'timapepala kumsika wa Maramba. Ntchito imeneyi sindinkaikonda, ndipo sindinamubisire.

"Mulamu, dothi ni chakudya cha nyongolotsi," ndinkatero.

"Ba Misheck, imwe munakhalako na mimba kangati kuti mudziwe?" ankandiyankha choncho, anzake n'kufa nalo phwete.

Chulu chake chinali m'mbali mwa mtsinje wa Maramba, kumtunda kwa malo amene kale panali galaja. Eni galajayo ankaphwanya mabatire akale a magalimoto n'kumatayira madzi ake pansi pomwepo. Anachoka kalekale, pamalopo panamera tchire.

Chaka chatha boma linatulutsa ndalama zoti malo otere a m'mbali mwa mtsinje ayezedwe, oipawo akonzedwe. Kunabwera anthu ovala majombo ndi magolovesi, akuboola pansi n'kumaika dothi m'mabotolo. Anatchinga malo a galaja ndi waya. Mkulu wawo, Mufalo, anauza anthu kuti m'mabatire muli mtovu, ndipo ukalowa m'magazi umawononga bongo wa mwana, makamaka wosabadwa.

Nthawi imeneyo Joy, mwana wamkazi wa Tionenji, anali ndi pakati poyamba. Dothi limene ankadya tsiku ndi tsiku linali la amake.

Tionenji anabwera kwathu n'kukhala pansi pakhonde, nthabwala osachita. Anati anzake akumsika amuuza kuti akhale chete, poti chulu chili kunja kwa waya, ndipo wina akafunsa azinena kuti dothi lake ndi la kumudzi wa Simonga, kutali ndi galajayo. Ine ndinamuuza mawu amodzi, kuti bodza silingatulutse mtovu m'thupi la Joy. M'mawa mwake anasenza thumba la dothi lowamba n'kupita nalo kwa Mufalo. Ndinamuperekeza.

"Ba bosi, pimani na iyi," anatero, akutula thumba.

Mufalo anaseka. "Amayi, ise tabwera kupima malo, osati katundu wa kumsika."

"Malo yanu nayanyamula pamutu. Ina ili m'mimba mwa mwana wanga."

Kuseka kunathera pomwepo. Mufalo anatapa dothi m'thumbamo, anapita kukatapanso pachulu, ndipo anati Joy apite kuchipatala akayezetse magazi.

Zimene Tionenji anachita pambuyo pake sindinamutume. Anapita kumsika, anachotsa timapepala tonse pathebulo, n'kuuza mayi aliyense wobwera kudzagula kumene dothilo linkachokera. Ena anamutukwana. Wina anamutcha mfiti. Mkamwini wake, Pumulo, anasiya kubwera pakhomo, ndipo akakumana naye panjira ankayang'ana kumbali. Sindimuda mnyamatayo. Mwana wa m'mimba mwa Joy anali wakenso.

Dothi ndi magazi zinatumizidwa ku Lusaka, ndipo mayankho anachedwa. Tionenji anaonda mpaka chitenje kumamuvuka. Ankapita kuwaya kuja pafupipafupi, alonda mpaka anayamba kumusungira mpando.

Tsiku lina Mufalo anatiitana. Anati pansi pa galaja ndi poipa kwambiri, dothi lake liyenera kuchotsedwa. Koma chulu chili pokwera. Madzi a mvula amachoka pachulu kutsikira kugalaja, sakwera kubwerera. Mtovu wa m'thumba unali wochepa, wosaopsa. Tionenji anafunsa kachiwiri, Mufalo anabwereza. Anakhala pansi pafumbi n'kuyamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Kuchipatala nako anati m'magazi a Joy mulibe choopsa. Koma magaziwo anali ochepa, choncho anamwino anamupatsa mapiritsi n'kumuletseratu dothi. Ndikulemba zimenezi kuti wina asamve ngati dothi layeretsedwa. Tinangopulumuka.

Tionenji sanabwererenso kuchulu. Tsopano amagulitsa vitumbuwa ndi chimanga chowotcha. Pagalaja paja magalimoto akuluakulu akuchotsa dothi loipa. Akuti adzamangapo malo ogulitsira malonda, koma ine ndidzakhulupirira ndikadzaona malata.

Joy anabereka mwana wamwamuna, dzina lake Silumesii. Kusikelo akuti akukula bwino, ndipo wayamba kukhala yekha pa nthawi yake. Lamulungu lapitali Pumulo anabwera naye yekha ku Libuyu. Anagwada pakhomo, anawomba m'manja mwa Chilozi, n'kupereka mwanayo m'manja mwa apongozi ake.