Ndinamukana Tamanda pamaso pa alangizi

Ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina ya pulayimale ku Dambe. Mawu akatalika, timawaduladula m'maphatikizo uku tikuwomba m'manja, ndipo pofunika kutsindika timaponda phazi pansi. Mawu akuti comfortable ndinawaphunzitsa m'mene ndinkawadziwira: ko-mu-fo-te-bo, kuwomba kasanu, phazi pa te. Ana ankachita kuvina nawo mpaka fumbi koboo.

Teremu yatha kunabwera alangizi a masukulu, mayi wofatsa, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi. Pofuna kudzionetsera, ndinaimiritsa Tamanda, mtsikana amene saiwala zimene ndaphunzitsa. Anawomba kasanu, phazi pa te, ndendende ngati ine.

"Maphatikizo ake ndi atatu okha, mwanawe," anatero alangizi, "ndipo timatsindika koyambirira."

M'malo movomera, ndinatembenukira mwanayo n'kukweza mawu: "Iwe Tamanda, kodi ndinakuphunzitsa choncho?"

Ana onse ankalidziwa yankho, poti dzulo lake lomwelo tinavina limodzi, ine patsogolo. Tamanda anandiyang'ana pang'ono, kenako anazyolika.

"Ayi, aphunzitsi. Ndalakwitsa ndine."

Ndiye ine, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndinapukusa mutu n'kumuuza kuti, "Uzimvetsera m'kalasi." Ndinawonjezeranso tsonyo, kuti alangizi amve.

Masiku ano mawuwo timawomba katatu, ndipo palibe mwana amene anandifunsapo kuti kawiri kena kanapita kuti. Kupepesa ndimangoti mawa. Tamanda amabwerabe tsiku lililonse, amakhala kutsogolo komwe kuja, koma ndikafunsa funso sakwezanso mkono.