Atelala ndi Nsalu za ku Makka

Atelala a pakhonde la sitolo ina ku Old Town sapirira kuona nsalu yosasokedwa bwino. Ukamawapatsa moni, maso awo amakhala pa batani lako. Mabwana a ku Capital Hill akawabweretsera jekete, amalitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Amene anasoka ili anali ndi njala."

Chaka chino, atadikira zaka makumi atatu, ulendo wawo wa Haji wa ku Makka watheka. Kutatsala tsiku limodzi, mwana wawo Asiyatu anayala katundu pamkeka: mankhwala a shuga, patapata, ambulera, ndi nsalu ziwiri zoyera zimene amuna amadzikulunga kumeneko zosasoka. Kenaka anapita kukagula loko wa sutikesi. Pobwera anamva makina akulira.

Nsalu zija zinali zitalumikizidwa, zili ndi mabatani asanu ndi thumba la pasipoti.

"Ababa, mwatani?"

"Ine telala, ndikaime pamaso pa Mulungu ngati ndikuchokera kubafa?"

Asiyatu anaimbira Shehe. Shehe anaseka mpaka kutsokomola, koma sanasinthe mawu: kumeneko nduna ndi mlonda amavala chimodzimodzi, ndipo chovala chosokedwa sichiloledwa.

Madalawo anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi wawo womwe, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Patatha ola lathunthu anali asanafike n'pakati pomwe. Anadzutsa mutu, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala.

"Asiyatu, tabwera udzaone. Ulusiwu ukukana kuchoka! Kusoka n'kumeneku, mwana wanga."