Sitima yako ikali panjira

Dalitso mlongo wanga, patha chaka kuchokera pomwe tinakuika m'manda. Lero posesa napeza kagemu kako ka m'manja, kaja koyendetsa sitima. Nakatchaja, kayaka. Sitima yaima pakati pa njira, pomwe unaisiya.

Ukumbukira tsiku lija m'minibasi yochokera ku Chongwe? Tinafika ku Kanakantapa, iwe n'kukana kutsika. Kondakitala akumenya chitseko, ine ninakukalipira pamaso pa anthu. Iwe maso pagemu: "Sisi, yembekezani nifike pa sitesheni. Siningasiye anthu m'thengo." Iwe amene sunakwerepo sitima chibadwire.

Kuyambira m'mawa niyesa kuifikitsa, koma nthawi zonse nipitirira sitesheni. Kumunda sininapite. Mabuleki ali pati, Dalitso? Anthu ako akali m'thengo, na ine nili momwemo.