Tachepetsa pakamwa pa chumuni cha bambo

Lolemba lapitali ndinapita ndi mmisiri kunyumba kwa bambo anga ku Ludzi. Pofika Lachitatu ndinali nditasanduka mdani wa banja.

Mlandu wanga ndi uwu. Pabalaza pathu pali malo owotherapo moto, okhala ndi chumuni, amene bambo anamanga okha kalekale atasirira a kunyumba ya ansembe. Pakamwa pake n'potakasuka moti mbuzi itha kugonapo. Koma chumunicho chinasiya kale kukoka utsi. Juni aliyense bambo amawotha moto, kenaka n'kutsokomola mpaka tikawagoneke kuchipatala. Chaka chatha anamwino anandiuza mosabisa kuti chifuwa chimenechi sichidzapiriranso utsi wina.

Ndiye ndinagula mbaula ya gasi yoti ilowe pamalopo. Mbaulayo ndi yaing'ono, bowolo ndi lalikulu. Mmisiri anati tiyambe tachepetsa pakamwapo ndi njerwa mbali zonse ziwiri, tipake pulasitala, aume, kenaka matailosi, mbaula pomaliza. Chumuninso achikonze kuti mpweya woipa uzituluka.

Achimwene anga aakulu, amene amakhala ku Lilongwe ndipo amationekera pa Khirisimasi pokha, ataona pafoni chithunzi cha mbaulayo chimene ndinawatumizira anakwera minibasi m'mawa mwake. Anafika akutentha. Akuti ndikufafaniza dzanja la bambo, akuti gasi amaphulika, akuti ndikudzionetsera.

Zinandipweteka, sindibisa. Amene amachapa mabulangete onunkha utsi ndi ine. Amene amakhala pabenchi ya kuchipatala ndi ine.

Koma khalidweli si la kwathu kokha. Timakonda zinthu za makolo athu kuposa makolowo. Denga likudontha, osalikhudza, anakhoma ndi bambo. Masitepe akuwagwetsa mayi, asiyeni, ndi chikumbutso. Chikumbutso cha ndani, mwiniwake akupuma? Ndipo mwaona kuti okonda zikumbutso kwambiri ndi aja okhala kutali?

Nthawi yonseyi bambo anali pampando wawo, palibe anawafunsa. Achimwene atanena kachitatu kuti bambo sakanalola, mdalayo anakhosomola n'kudzuka.

"Iwe, ukundilira ndili moyo?"

Anapempha kwa mmisiri levulo yoyezera kuwongoka kwa khoma, n'kuyiika pakhoma lakumanzere kwa bowolo. Anatiuza kuti mbali imeneyo anaipotoza pang'ono, muyezo wa chala chimodzi, tsiku lomwe ankamanga, ndipo zaka zonsezi akakhala pansi diso limathamangira pomwepo. Kenaka anagwada movutikira, anatapa simenti, n'kuyala njerwa yoyamba ndi manja awo.

Achimwene anatuluka panja kukayankha foni imene sindinaimve ikulira.

Pulasitala akuuma tsopano. Matailosi tiika sabata yamawa, ndipo silinda ya gasi ikhala panja m'kanyumba kake. Sindipepesa kwa aliyense.

Achimwene, ndikudziwa kuti mumawerenga tsamba lino. Juni akubwerayu mubwere mudzawothe nafe. Bambo mudzawapeza pabalaza, osati pabedi la kuchipatala.