Masikala Imodzi, Anthu Awiri

Ndine amene ndinawononga mawu a akazi anga. Sindinawamenye ayi. Ndinangogula masikala imodzi pamene ogwira ntchito tinali awiri. Inu owerenga, makamaka amene mukuganiza zoyamba ntchito yochotsa chuku m'nyumba za anthu, ndimvereni kaye musanapite kukagula zida.

Kwathu kuno mvula ikakhazikika makoma amachita thukuta. Nyumba ikatsekedwa nthawi yaitali mumaipeza itamera chuku chakuda kuseri kwa makabati, fungo lake ngati la mbatata yowolera m'thumba. Ine ndinaona mwayi pamenepo. Pompa yopoperera mbatata ndinali nayo kale, ndiye ndinapita ku Ulongwe kukagula javeli, mankhwala oyeretsera aja, maburashi a waya, ndowa ndi laimu. Poti ndine munthu wokonda kuoneka, ndinawonjezera ovolosi yabuluu ndi chikwangwani chomangirira panjinga. Nditafika pa masikala, ija yamphira yokhala ndi tosefera mpweya m'mbali, ndinatenga imodzi basi. Ndinkati choopsa ndi mankhwala, ndipo wopopera ndine.

Akazi angawo, amake Zelia, ndiwo ankandithandiza. Iwowa anali oyambitsa nyimbo mu kwaya ya kwathu, kufupi ndi Fonte Boa, ndipo akakweza mawu pa Misa ngakhale ochedwa ankawamvera kumsewu. Pantchito ankangomanga nsalu ya kapulana pamphuno, n'kumandiseka kuti ndi masikala yangayo ndikuoneka ngati nkhumba ya kwa olemera.

Mwezi wozizira tinaitanidwa kunyumba ya wamalonda wina ku Ulongwe, amene anakhalitsa ku Tete denga lake likudontha dzinja lonse. Chipinda chogona chinali bii mpaka kudenga. Patarau uja, mwini nyumbayo, anati, “Mazenera musatsegule, odutsa angaone uve umenewu.” Ndinavomera msanga, poopa kuti ntchito ingandipulumuke.

Khoma linali litauma. Amake Zelia ankakwecha patsogolo, fumbi lakuda likufuka, ine ndikubwera pambuyo ndi pompa ya javeli. Mkati mwa masikala yanga sindinkamva fungo lililonse. Anatsokomola, anaima atagwira khoma, n'kufunsa, “Abambo a Zelia, inu mpweya ukukukwanirani muno?” Ndinayankha kuti alimbe mtima, tatsala pang'ono. Yankho limenelo limandiwawabe mpaka lero.

Tinabwerera kunyumba akulavula zakuda. Tinkati ndi chifuwa cha kuzizira, koma posakhalitsa kupuma kwawo kunayamba kulira ngati wenzulo, osatha kukwera kamtunda kochokera kuchitsime. Kuchipatala anawayeza chifuwa chachikulu, osachipeza. A dotolo atamva za ntchito yathu anati fumbi la chuku ndi mpweya wa javeli m'chipinda chotseka zadzutsa mphumu imene ankadwala ali mwana. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti nanga ineyo ndinavala chiyani. 

Inu owerenga, ntchitoyi ndi yabwino ndipo ndikuigwirabe, koma zida zake ndinazidziwa mochedwa. Chida choyamba si pompa. Ndi masikala yeniyeni ya munthu aliyense wolowa m'chipindamo, ngakhale wongosesa. Kapulana ndi nsalu yovala, sisefa kanthu. Gulaninso magalasi oteteza maso ndi zovala zam'manja zamphira zofika m'zigongono. Pakhale pulasitiki yotchinga chitseko kuti fumbi lisalowe m'zipinda zina, ndi matumba olimba omangira zonse mwakwechazo. Khoma muzilinyowetsa musanalikweche, ndipo javeli musamusakanize ndi mankhwala ena. Makwerero musaiwale, chifukwa mukapanda kupeza podontha, chuku chimabwerera laimu wanu asanathe kuyera. Mwini nyumba akakana kutsegula mazenera, nyamulani ndowa zanu muzipita. Manyazi ake asakupweteketsereni munthu wanu. Chikwangwani chikhoza kudikira.

Amake Zelia ali moyo, tithokoze Mulungu. Amayenda ndi kamankhwala kopopera m'kamwa atakamangirira pamfundo ya kapulana, ndipo sanandinenepo mawu oipa, zomwe zimandipweteka kuposa akanakalipa. Masikala yachiwiri ndinagula, koma oivala sangalowenso m'chipinda chotero.

Lamulungu timakhala limodzi pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko pomwe pali mpweya. Nyimbo amayambitsa ndi mayi wina. Ine ndimayesetsa kuyang'ana kutsogolo, koma m'mbali mwa diso ndimawaona akukoka mpweya pamalo enieni oyambira, milomo ikuyenda ndi nyimbo yonse, mawu osatuluka.